Mutu 6: Chiwala Aba Tsiku

1. Mphatso za m'lole

Kusukulu ankamutcha Chiwala. Miyendo yake inali italiitali, ndipo funso la aphunzitsi lisanathe iye amakhala atadumpha kale, dzanja lili m'mwamba. Dzinalo linamukakamira mpaka kunyumba, moti ngakhale mayi ake akakwiya ankafuula lomwelo.

Bambo ake ankayendetsa lole yonyamula katundu kudutsa m'maiko ambiri. Pobwera ankamutengera nsapato kapena mabisiketi, koma chimene Chiwala ankachidikira kwambiri chinali mawu achilendo. Ali wamng'ono banja lawo linakhalako kudziko lina kumene anthu amayankhula Chiswahili, ndipo chiyankhulocho sichinamuchoke pakamwa.

Tsiku lina bambowo akutsuka galasi la lole panja, anamusimbira za dalaivala mnzawo amene bwana woyankhula Chipwitikizi anamuuza kuti akatenge katundu tsiku la segunda.

"Munthu uja anafunsa anthu kuti segunda n'chiyani, iwo n'kumuuza kuti ndiye kuti chachiwiri. Basi iye n'kugona zake mtima uli m'malo, n'kukafika Lachiwiri atatchena. Anakapeza katundu atapita ndi lole ina dzulo lake. Kwa eni akewo tsiku lachiwiri ndi Lolemba lathuli, poti iwo amayamba kuwerenga Lamulungu."

Chiwala anaseka mpaka kutsamira tayala. Kuyambira pamenepo anayamba kusaka maina a masiku kulikonse: kwa anzawo a bambo ake, kulaibulale, ngakhale kwa alendo odzameta ku saluni ya mayi ake.

Anapeza kuti Angerezi anapatsa dzuwa tsiku lake, Sunday, ndi mwezi tsiku lake, Monday, ndipo Thursday ndi la mulungu wawo wakale wa mabingu. Afalansa anapereka Lachiwiri kwa Mars, mulungu wankhondo wa Aroma, n'kulitcha mardi. Mwini sitolo ya pakona, amene ankadziwa Chiarabu, anamuuza kuti m'chiyankhulocho masiku amangowawerenga, kupatula la msonkhano wa mapemphero ndi la Sabata.

Ngakhale maina amene anakula nawo anamudabwitsa. Akuti Lolemba ndi tsiku limene antchito ankalembedwa, ndipo Loweruka ndi limene ankaweruka.

"Ndiye kuti ifeyo sabata yathu imayambira kuntchito n'kuthera kuntchito?" iye anafunsa.

"Nanga ukuyesa msana wangawu ukupwetekeranji?" anayankha bambo ake.

Kumayambiriro kwa chaka, m'nyumbamo munabwera msuweni wake, mwana wa mlongo wa bambo ake. Azakhaliwo anapeza ntchito yochapa ndi kusita zovala pa hotela ina yakutali, kumene sankalola antchito kukhala ndi ana. Mtsikanayo anali wofatsa, wa mawu ozizira, ndipo sabata isanathe anzake anali atamutcha Njiwa.

Awiriwo anali m'kalasi imodzi ndipo ankagona chipinda chimodzi, Chiwala bedi la pamwamba, Njiwa la pansi. Akamatsuka mbale madzulo, Chiwala ankamuphunzitsa maina aja, ndipo Njiwa ankamvetsera maso ali tong'o. Chiwala ankamukonda kwambiri msuweni wakeyo masiku amenewo, chifukwa palibe chokoma ngati munthu wokumvetsera.

2. A Komatu asankha

Sukulu itatsala pang'ono kutsekera, kunabwera amayi ena a pawayilesi. Anati pa tchuthi pakhala pulogalamu ya achinyamata m'mawa uliwonse, ndipo sukulu iliyonse itumize mwana mmodzi kuti akakambe nkhani yophunzitsa. Amene adzachite bwino adzatengedwa kuti aziulutsa nawo mawu chaka chonse.

Chiwala anamva kuti lilime la amayiwo likukokera ku Chiswahili. Pobalalika anawathamangira n'kuwapatsa moni m'chiyankhulocho. Amayiwo anakondwa mpaka kumugwira m'mapewa.

"Iwe wandikumbutsa kwathu!" anatero.

Ntchito yosankha inagwera aphunzitsi a zinenero. Ana ankawatcha a Komatu, chifukwa chenjezo lawo lililonse linkayamba ndi liwu limenelo. Mwa nkhani zonse zimene ana analemba, ya Chiwala ya maina a masiku ndiyo inapambana. Koma a Komatu anati nkhani ndi ina, wokaikamba ndi wina. Anaitana ana angapo kuti aiwerenge kutsogolo.

Chiwala anayamba. Anaiwerenga yonse ngati akuthamangitsidwa ndi galu, ndipo atakhala pansi mnyamata wina kumbuyo anafuula kuti, "Ife tangomvapo Monday!" Kalasi yonse inafa ndi phwete.

Njiwa anali womaliza. Anagwira pepala ndi manja awiri n'kuyamba mwapang'onopang'ono. Nthabwala zimene Chiwala anazipondereza, iye anazipatsa mpata, ndipo anthu anaseka pamalo oyenera. Atamaliza, m'manja munalira m'kalasi monse.

"Apita ndi Njiwa," anatero a Komatu. "Chiwala akhala wapambali, wolowa m'malo ngati mnzake atalephera."

Anzake atatuluka, aphunzitsiwo anaitana Chiwala.

"Komatu Chiwala, tadzutsa nkhopeyo ndikuone. Ndikudziwa kuti nkhaniyi unaikumba ndiwe, ndipo wayilesi ikatchula dzina lako monga mlembi. Koma tamvera. Nyumba samanga munthu mmodzi. Wina amaumba njerwa, wina amakhoma denga, wina amapaka penti. Odutsa mumsewu amayamikira penti, n'zoona, koma woumba njerwa akakwiya n'kukankha khoma, denga limagwera onse. Vuto lako si nzeru. Vuto lako ndi liwiro. Mawu ako amapondana ngati anthu othawa moto pakhomo limodzi, ndipo womvera wayilesi sangakweze dzanja kuti ubwereze. Kuthamanga si kufika. Udakali ndi zaka zambiri kusukulu kuno. Ukaphunzira kupuma pakati pa mawu, chaka cha mawa ndidzakutumiza ine ndemwe. Panopa thandiza m'bale wako. Ukamuthandiza, kupambana kwake n'kwako."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Chiwala, maso ali pa nsapato.

Popita kunyumba Njiwa anayesa kumugwira dzanja.

"Msuweni, ine sindinapemphe kuti andisankhe. Ukafuna ndikawauze kuti ndikuopa."

"Ndakuuza kuti ndikufuna zotsala?" anayankha Chiwala, n'kutalikitsa miyendo yake ija mpaka Njiwa anatsalira.

Madzulo a tsikulo mayi anaombera Njiwa m'manja. Bambo anaimba foni ali paulendo n'kunena kuti, "Mundipatse muulutsi wathu ndimve mawu ake." Anayankhula naye nthawi yaitali. Chiwala anaima pakhomo kudikira kuti nayenso aitanidwe, koma foni inaduka.

3. Uthenga

Lolemba loyamba la tchuthi, mayi anali mu saluni, chipinda chakumaso kwa nyumba chimene anachiboolera khomo loyang'ana kumsewu. Njiwa anali kuseri akuyanika zovala. Chiwala ankakolopa pabalaza pamene foni ya mayi ake, imene inali pa tchaja pamwamba pa kabati, inalira.

Anali amayi a pawayilesi aja. A Komatu anali atapita kokachonga mayeso, ndiye anawasiyira nambala ya kunyumba kwa ana awiriwo. Atangozindikira mawu a Chiwala, amayiwo anasinthira ku Chiswahili mwachimwemwe. Anamufunsa za tchuthi, anaseka naye pang'ono, kenaka anapereka uthenga.

"Umuuze msuweni wako kuti tsiku lake ndi Jumatano, teni koloko m'mawa. Asachedwe. Wamva bwino eti?"

"Ndamva. Jumatano."

Chiwala anabwezera foni pa kabati. Jumatano ankalidziwa bwino. Aswahili amayamba kuwerenga Loweruka, choncho tsiku lawo lachisanu, Jumatano, ndi limene iye ndi Njiwa ankalitcha Lachitatu.

Anasiya chokolopera mu ndowa n'kutulukira kuseri. Njiwa anali atanyanyamphira pachingwe, mapegi awiri ali pakamwa, akung'ung'udza chiganizo choyamba cha nkhani ija. Chiganizo chimenecho Chiwala anachikonza sabata yathunthu.

"Aimba a kuwayilesi aja."

Njiwa analavulira mapegi m'dzanja. "Akuti liti?"

Chiwala anayang'ana shati ya bambo ake imene inkadontha madzi.

"Akuti tsiku lachisanu. Teni koloko m'mawa."

"Lachisanu! Ndiye bola, ndili ndi nthawi yokonzekera. Lachisanu lomwe lino eti?"

Chiwala sanati inde, sanatinso ayi. Anatola pegi imene inagwa pansi, anamupatsa, n'kubwerera m'nyumba. Tano ndi zisanu, ndipo Jumatano ndi tsiku lachisanu kwa eni ake. Pakamwa pake sipanatuluke liwu labodza. Anakolopa malo amodzi omwewo mpaka simenti inawala.

Njiwa anathamangira ku saluni kukauza amayi. Madzulo anabwereka foni kuti adziwitse mayi ake omubereka. Foni ya azakhaliwo inali itawonongeka, choncho ankawapeza kudzera pa ya mnzawo wa kuntchito. Chiwala ali m'chipinda anamva Njiwa akunena kuti, "Lachisanu, amayi. Mudzamvere ndithu." Anadziphimba kumutu ndi pilo.

4. Mankhwala owongolera tsitsi

M'mawa mwake mu saluni munadzaza. Pashelefu, pakati pa mabotolo a mafuta ndi zipeso, panali kawayilesi kakang'ono kamene Njiwa ankakatsegula kuti amve mmene ana a sukulu zina akukambira. Pulogalamu ya tsikulo itatha, makasitomala anamuumiriza kuti nayenso awalawitse.

"Mawa ndiyamba kumuluka tsitsi, kuti pofika Lachisanu akhale atawala," anatero mayi.

"Nanga pawayilesi amaona tsitsi?" anafunsa Chiwala, amene ankasesa pansi.

"Saona, koma munthu wosapesa amamveka," anayankha mayi ake, ndipo saluni yonse inaseka.

Njiwa anaima pafupi ndi galasi n'kuyamba.

"Chenjerani ndi tsiku lachisanu, chifukwa lili ndi nkhope zitatu. Mswahili akati Jumatano, tsiku lachisanu, akunena Lachitatu. Mwarabu akati al-khamis, kapena Mpwitikizi akati quinta, nalonso lachisanu, akunena Lachinayi. Ife tikati Lachisanu, mukulidziwa. Ndiye anthu atatuwa atapangana kuti akumane tsiku lachisanu, aliyense adzafika pa nthawi yake, ndipo aliyense adzapita kwawo akunena kuti anzake ndi abodza."

Azimayi aja anaseka n'kuomba m'manja. Tsache linaima m'manja mwa Chiwala. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu anali atafika kale pa lilime: Njiwa, tsiku lija ndi mawa.

"Koma mwana uyu ndi wanzeru bwanji!" anatero kasitomala wina wonenepa. "Zonsezi wazidziwa bwanji? Mayi, mwana wanu ndi ameneyu eti? Muli ndi mwayi."

Njiwa anayamba kuyankha, akuloza msuweni wake, koma nthawi yomweyo wina anayatsa chowumitsira tsitsi ndipo phokoso linameza mawu ake. Chiwala anatseka pakamwa. Anaponya tsache pakona n'kumenyetsa chitseko.

Masana makasitomala atachepa, mayi ake anamutuma Njiwa kusitolo n'kuitana Chiwala kuti adzawathandize kutsuka zipeso.

"Ine ndinakubereka, ndimakudziwa ngakhale utandifulatira," anayamba motero. "Chisankhidwire mnzakoyu, zitseko za m'nyumba muno zikuzunzika, mbale zikulira, ndipo moni wako wafupika. Takhala apa undimvere. Ndisanatsegule kasaluni kanga kano ndinkagwira ntchito pa saluni ina yaikulu. Panali atsikana awiri ogona chipinda chimodzi, obwerekana nsapato. Mmodzi anali ndi dzanja lofewa, ndipo makasitomala onse ankafuna iyeyo. Mnzakeyo zinkamuwawa. Tsiku lina kunabwera mkwatibwi kudzawongola tsitsi. Wadzanja lofewa uja anamupaka mankhwala, n'kuuza mnzake kuti, 'Ndithandizeko kaye wina uyu, nthawi ikakwana undiitane.' Mnzakeyo anaiona nthawi ikukwana, anaiona ikupitirira, n'kungokhala chete. Sanathire kanthu, sanakhudze munthu. Anangokhala chete basi. Mkwatibwi anapsa mutu, tsitsi n'kusosoka ngati nthenga za nkhuku yoviika m'madzi otentha. Ukuganiza kuti makasitomala anathamangira kwa wansanje uja? Anatithawa tonse. Saluni inatsekedwa, ndipo tinakakhala kunyumba, wolakwa ndi osalakwa omwe. Nsanje ili ngati mankhwala amenewa, mwanawe. Pang'ono pokha imakuwongola, umati mnzanga wakwanitsa, nanenso ndilimbikire. Ukaisiya ikhalitse imadya khungu, ndipo siyambira la mnzako. Njiwa ndi magazi a bambo ako. Mayi ake anatisiyira mwanayu chifukwa anatikhulupirira. Chibale ndi fupa, sichiwola, koma chimathyoka. Kodi pali chimene ukufuna kundiuza?"

Chiwala anatsuka chipeso chimodzi mano ake onse, limodzilimodzi.

"Palibe, amayi."

5. Nyale yofiira

Lachitatu m'mawa Chiwala anavala yunifolomu yake mkati, n'kuphimba ndi juzi yaikulu. Anati akupita kulaibulale. Asanatuluke analowa mu saluni muli mopanda anthu, anazula chingwe cha kawayilesi kaja n'kuchiponya m'chikwama. Za mawa ndi mkuja sanaziganizire. Ankangoona teni koloko.

Pakhomo anakumana ndi Njiwa atanyamula kampando, tsitsi atalimasula, kudikira kulukidwa.

"Ukabwerako udzandimvetserenso, msuweni. Liwu la Chifalansa lija likundipotabe lilime."

"Chabwino," anatero Chiwala osatembenuka.

Nyumba ya wayilesi inali yosanja. Mlonda anamulozera masitepe, ndipo pamwamba anapeza amayi aja akuyang'ana wotchi.

"Wabwera wekha? Nanga mnzako?"

"Wadwala."

Liwulo linatuluka lokha, mosavuta, ngati linali kudikira pakhomo.

"Ayi! Chavuta n'chiyani? Ngati ndi mutu chabe tingathe kumuimbira, akambe pafoni."

"Sangathe kuyankhula. Thupi latentha kwambiri. Apita naye kuchipatala."

"Chipatala chiti? Amugoneka?"

"Sindikudziwa. Mwina pofika masana akhala atabwerera kunyumba."

Amayiwo anapukusa mutu mwachisoni. "Mwana wabwino ngati uja. Chabwino, nthawi yatha. Wapambali ndiwe, tiye."

Analowa m'chipinda chozizira, cha makoma ofewa ngati matiresi. Kuseri kwa galasi lalikulu bambo wina wa makina anakweza chala. Amayi aja anamuveka Chiwala zomvera m'makutu n'kumusendezera maikolofoni pakamwa. Nyale yofiira inayaka pamwamba pa chitseko.

"Omvera athu, takulandirani," anatero amayi aja ndi mawu osalala. "Lero timayembekezera mtsikana amene anzake amamutcha Njiwa, koma tamva kuti wadwala mwadzidzidzi ndipo athamangira naye kuchipatala. Njiwa, kulikonse kumene wagona, tikukufunira kuchira msanga. M'malo mwake tili ndi msuweni wake wokondedwa, amene sanafune kuti ntchito ya m'bale wake igwe pansi."

Chiwala ankayesa kuti bodzalo lithera m'chipinda momwemo. Tsopano linali litatuluka padenga, likulowa m'nyumba za anthu, m'mabasi ndi m'masitolo.

Anayamba kuwerenga. Poyamba anathamanga monga mwa masiku onse, ndipo bambo wa makina anatsitsa dzanja kumuuza kuti achepetse. Anakumbukira mmene Njiwa amapumira, n'kuyesa kutengera. Zinayenda. Anakamba za dzuwa ndi mwezi, za mulungu wa mabingu, za Lolemba ndi Loweruka. Amayi aja ankagwedeza mutu akumwetulira.

Kenaka anafika pa tsiku la nkhope zitatu. Analiwerenga osachotsa maso papepala.

"Zosangalatsa zedi," anatero amayiwo. "Tandiuza, katswiri wathu. Munthu atatumidwa uthenga m'chiyankhulo china, n'kukangonena kuti tsiku lachisanu osafotokoza kuti lachisanu la ndani, pamenepo wanama kapena sananame?"

Linali funso lanthabwala chabe, koma Chiwala, amene sankadikira funso kuti lithe, anakhala chete mpaka bambo wa makina anadzutsa mutu.

"Zimatengera," anatero potsiriza.

"Zimatengera chiyani?"

"Ngati sakudziwa, walakwitsa chabe. Ngati akudziwa, wanama."

Nyale yofiira itazima, amayiwo anamusisita pamsana. Anati wachita bwino kuposa mmene ankayembekezera, ndipo dzina lake likhala m'gulu la oganiziridwa. Amenewo ndiwo mawu amene Chiwala ankawalota. Anawalandira ngati munthu wopatsidwa chakudya atadwala m'kamwa.

6. Theka la mutu

Sanakwere basi. Anayenda wapansi, n'kukakhaladi kulaibulale osatsegula buku, mpaka njala inamuthamangitsa dzuwa litapendeka.

Atafika anapeza khomo la saluni lili lotseka pakati pa sabata, chinthu chimene anali asanachionepo. Analowera kuseri. Mkatimo munalibe kasitomala. Mayi ake anakhala pampando wometera, foni ili m'manja. Njiwa anali pa kampando kaja, theka la mutu lolukidwa, theka lina lili nyankhalala, chipeso chili chibayire.

"Laibulale yaweruka?" anafunsa mayi.

Chiwala anaima pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Bweretsa chingwe."

Anachitulutsa m'chikwama n'kuchiika pashelefu.

"Unaiwala kuti masiku ano wayilesi ili m'foni ya aliyense. Kasitomala ndiye anatitsegulira, atamva chisoni kuti mwana akulephera kumvera pulogalamu yake. Tonse tinakumva. Ndinamva kuti mwana amene ndamugwira mutu ali kuchipatala."

Njiwa anadzutsa maso. Anali ofiira, koma owuma.

"Anati Jumatano eti?"

Chiwala anagwedeza mutu movomera.

"Unandiphunzitsa ndiwe zimenezi, tikutsuka mbale. Ndinakufunsa kuti Lachisanu lomwe lino, iwe n'kundipatsa pegi."

"Ine ndinati tsiku lachisanu. Sindinati..."

"Khala chete!" anakalipa mayi. "Yankho unapereka wekha dziko lonse likumva. Walira mvula walira matope, ndiye tamvera matope ako. Azakhali ako chimvereni kuti mwana wawo akamba pawayilesi, akhala akuitsegula m'mawa uliwonse pafoni ya mnzawo uja, akusita. Amati azolowere nthawi yake. Lero amva kuti mwana wawo athamangira naye kuchipatala. Aimba kuno kangapo, foni ili m'nyumba pa tchaja, ife tili kakasi muno. Pamene ndimaiona n'kubweza, wayankha ndi mnzawoyo. Akuti asiya simbi ili pa nsalu ya mlendo n'kuthamangira kudepoti ya mabasi. Woyang'anira wawo wawauza kuti akatuluka pageti popanda chilolezo asabwererenso. Atuluka."

Chiwala anagwira m'mphepete mwa sinki.

"Tiwaimbire tiwauze kuti ali bwino."

"Pa foni iti? Ali m'basi opanda foni, ulendo wa tsiku lathunthu, akulira mwana amene sakudwala. Ntchito ija anaifunafuna nthawi yaitali bwanji, iwe ukudziwa."

Apa ndi pamene Njiwa analira. Sanafuule. Anangoweramira pa mawondo, mapewa akugwedezeka.

"Pulogalamuyo ukanangondipempha," anatero ali chiweramire. "Ndinakuuza kuti ndikhoza kukusiyira. Koma amayi anga alakwa chiyani?"

Chiwala anasendera kuti amugwire phewa. Njiwa anasuntha kampando.

Panja panamveka galimoto ikuima, chitseko chake n'kutsekedwa. Wina anagogoda pakhomo la saluni.

"Tatseka!" anafuula mayi.

"Odi kuno! Si za tsitsi ayi."

Chiwala anawadziwa mawuwo, lilime lawo lokokera ku Chiswahili. Mayi ake anatsegula. Pakhomo panaima amayi a pawayilesi, jumbo ya malalanje ili m'manja.

"Pepani ndi matenda. Aphunzitsi awo anandilongosolera kuti ndi pa saluni pano, ndiye ndati ndisapite kunyumba ndisanamuone. Wodwala wathu ali kuti? Amutulutsa?"

Maso awo anagwera pa Njiwa ndi theka lake la mutu, kenaka pa Chiwala, amene kolala ya yunifolomu inkaonekera pansi pa juzi. Kumwetulira kwawo kunayamba kuzilala.

Njiwa anapukuta misozi n'kuyamba kuimirira, koma mayi anamukhazika pansi ndi dzanja limodzi.

"Iwe khala. Lowani, mayi, mpando uwo." Anatseka chitseko n'kuchitsamira. "Za kuchipatala ife sitikuzidziwa. Akufotokozerani ndi amene anapita nayeyu."